Kodi Mulder analakwa kumusiyira Brian Lara 400 ija?

WakuMakokoba:
Abale anga, nkhani iyi yandikhala pakhosi kuyambira July 2025. Ndinalipo pa Queens Sports Club kuno ku Bulawayo tsiku lachiwiri la Test (masewero a kiriketi a masiku asanu) ya Zimbabwe ndi South Africa. Wiaan Mulder, kaputeni wa South Africa, anapita kokadya nkhomaliro ali pa ma run 367 asanatuluke, pa mipira 334 yokha. Tonse pabwalo tinkadziwa kuti kwatsala ma run 33 kuti afanane ndi 400 ya Brian Lara, rekodi ya ma run ochuluka a munthu mmodzi mu inning imodzi ya Test, 34 kuti amupose. Ine sindinadzuke n'komwe kukagula chakudya, kuopa kuti wina angandikhalire pampando. Nthawi yopuma itatha tinangoona anyamata a Zimbabwe akutuluka atavala mapadi kudzamenya. Munthu watseka inning (wathetsa dala nthawi yoti timu yake imenye) pa 626, wiketi zisanu zokha zitagwa! Atamufunsa anati Lara ndi chimphona, rekodi ija imuyenera iyeyo. Omwe ankakwapulidwawo ndi anyamata athu, komabe mtima unandiwawa. Kodi umenewu ndi ulemu, kapena mwana anangogwidwa ndi mantha?

Kafadala_LL:
Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mwayi wotere subwera kawiri. Analakwa basi.

MaiAwiri_Brum:
Ayi achimwene, ine ndikuti anachita bwino. Kanali koyamba kukhala kaputeni, ntchito yake inali kupambanitsa timu, ndipo anapambanadi ndi inning yonse ndi ma run 236 pamwamba. Komanso tinene zoona, 400 ya Lara anaimenya kwa England ya Harmison, Hoggard ndi Flintoff. Kuifafaniza pomenya oponya a Zimbabwe amene anali atatopa kale, anthu akanamunena mpaka kalekale. Suja Matthew Hayden wa ku Australia atamenya 380 ku Perth mu 2003 anthu ankangoti aaa, koma inali Zimbabwe.

Kafadala_LL:
Mayi, masewerawo anatha tsiku lachitatu. Masiku awiri athunthu anatsala. Munthu amene akupeza run pa mpira uliwonse, 34 ndi nkhani ya theka la ola. Nanga timu ikanaluza chiyani pamenepo?

WakuMakokoba:
Ndipo mawu akuti "inali Zimbabwe" amatipweteka ife kuno, mayi. Test ndi Test. M'buku salembamo kuti woponya anali wotopa.

Namadzi_Girl:
Pepani akuluakulu, ine kiriketi ndayamba kuitsatira posachedwa chifukwa cha mwana wanga amene akusewera kusukulu. Lara ameneyu ndi wa dziko liti? Ndimamva West Indies koma pa mapu sindiiona. Ndipo 400 ndi yochuluka motani, poti ine ndimangoona T20, masewero aafupi aja, pomwe timu yonse imathera pa 150?

Gogo_Bati:
Mwafunsa bwino mwanangu, khalani pansi ndikuuzeni. West Indies si dziko limodzi ayi. Ndi maiko angapo a ku Caribbean, monga Jamaica, Barbados, Trinidad and Tobago, Antigua ndi Guyana, amene pa kiriketi amaphatikizana kupanga timu imodzi. Lara ndi wa ku Trinidad, anabadwa pa 2 May 1969 ku Santa Cruz, m'banja la ana 11. Bambo ake, a Bunty Lara, ndi mlongo wake ndi amene anamutengera kokaphunzira kiriketi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambowo anamwalira mu 1989, osamuona mwana wawo akusewera Test ngakhale imodzi, chifukwa yoyamba anasewera mu December 1990 ku Lahore.

Tsono za 400. Mu Test womenya akafika 100 amavula chipewa, kukweza bati, bwalo lonse kuimirira. Ambiri amapuma pa masewerawa asanalaweko 200. Garry Sobers wa West Indies anamenya 365 mu 1958 ndipo inakhala zaka 36 popanda woifika. Mu April 1994 ku Antigua, Lara ali ndi zaka 24, anamenya England 375. Atangodutsa 365 anthu anathyola mpanda kulowa m'bwalo, ndipo Sobers mwini wake, mutu uli mbuu, anayenda pakati pa chikhamucho kudzamukumbatira. Lara anagwada n'kupsompsona pansi. Hayden atamulanda rekodi mu October 2003, panangopita miyezi isanu ndi umodzi, Lara anabwerera pabwalo lomwelo, kwa England yomweyo, n'kumenya 400 osatuluka. Mipira 582, ma four 43, ma six 4. Palibenso munthu wina amene analandidwa rekodi imeneyi n'kukaitenganso.

Namadzi_Girl:
Mipira 582 munthu mmodzi! Zikomo agogo. Ndimuwerengera mwana wanga madzulo ano.

Kafadala_LL:
Mwamva zimene anachita Sobers? Sanakwiye, anakamukumbatira. Ulemu wa masewerawa ndi umenewo. Lara akanati mu 1994 "365 ndi ya agogo, ndisaikhudze", lero tikanakamba za ndani?

Jozi_Mlonda:
Ine ndilowe ndi mbali ina, ndipo ndikudziwa ena mukwiya. 400 imene mukuilambirayi sinali inning yabwino ya kaputeni. West Indies inali itagonja kale ma Test atatu oyamba, ku Kingston Harmison anatenga wiketi 7 pa ma run 12, timu yonse kuthera pa 47. Ku Antigua Lara anamenya mpaka tsiku lachitatu, kutseka pa 751. England anaipatsa follow-on (kuimenyetsanso nthawi yomweyo poti inatsalira kwambiri) koma nthawi inachepa, kaputeni wawo Vaughan anamenya 140, masewero anathera kulepherana. Akanatseka pa 600 mwina akanapambana. Ricky Ponting, kaputeni wa Australia, ananena poyera nthawi imeneyo kuti a Australia sasewera motero. Ndiye Mulder anachita zimene Lara analephera kuchita: anaika timu patsogolo.

MaiAwiri_Brum:
Mwalasa achimwene. Mark Taylor, ali kaputeni wa Australia, nayenso anatseka ali pa 334 ku Peshawar mu 1998, nambala yofanana ndi ya Bradman, katswiri wawo wakale, ndipo mpaka lero anthu amamulemekeza.

Gogo_Bati:
A Jozi_Mlonda, zimene mwanenazo n'zoona koma mwasiya theka. England inali pafupi kuwasesa 4-0 pakwawo, chinthu chimene anthu a ku Caribbean sakanachipirira. Lara mwini wake m'ma inning asanu ndi limodzi oyamba anali atapeza ma run 100 okha onse pamodzi, ndipo manyuzipepala ankati watha. Bwalo la Antigua linali losalala ngati mphasa, ndipo mvula inadyako nthawi tsiku loyamba. Kutulutsa England kawiri pamenepo ndi oponya amene anali nawo sinali nkhani yapafupi, ngakhale akanatseka msanga. Munthu nyumba ikupsa anapulumutsako chimene akanatha.

Jozi_Mlonda:
Agogo, anapulumutsa dzina lake. Timu inatsala pomwepo.

NyakwawaYaLimbe:
Ndakhala ndikuwerenga chete, koma apa pokha ndiyankhe. Amene akuti Lara ankasewerera dzina lake sanaone Bridgetown mu March 1999. Ine ndinaona. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yoperekera zakumwa pa kalabu ina ku Limbe, ndipo panali TV ya setilaiti imene mabwana ankaonerapo kiriketi. Malamulo ake ndinawaphunzira nditanyamula thireyi.

Muyambe mwadziwa mmene zinthu zinalili. West Indies inali itangochokera ku South Africa komwe inakwapulidwa 5-0. Akuluakulu a bodi anamupatsa Lara ma Test awiri okha kuti aonetse ngati ukaputeni akuutha. Test yoyamba ndi Australia, kwawo ku Port of Spain, timu yonse inathera pa 51. Yachiwiri ku Kingston anali pa 34 wiketi zinayi zitagwa, iye n'kumenya 213, napambana. Ndiye kunabwera ya ku Kensington Oval.

Ankafunika 308 mu inning yomaliza. Oponya anali McGrath, Gillespie, Warne ndi MacGill, kaputeni Steve Waugh. Pa 105 wiketi zisanu zinali zitapita. Lara ndi Jimmy Adams anakoka ngolo mpaka 238, kenako McGrath anagwetsa atatu motsatizana, 248 kwa 8. Mabwana ambiri pa kalabu paja ananyamuka kumapita, akuti zatha. Ku Barbados kunali masana koma kwathu kuno usiku unali utapita, tinatsala anthu ochepa: ine, mlonda amene ankasuzumira pawindo, ndi bambo wina wachimwenye wokalamba amene anaiwala tiyi wake mpaka anazizira. Curtly Ambrose, munthu wamtali ngati mlongoti amene ntchito yake inali kuponya, anaima naye Lara kuposa ola, iye kupeza 12 yokha koma awiriwo kuwonjezera 54. Lara ankawerenga mipira isanu ndi umodzi ya mu over, wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi n'kuthamanga imodzi kuti mnzakeyo asakumane ndi moto. McGrath anamumenya mpira pa chipewa, anayandikirana maso ndi maso, mpira wina wamfupi utabwera Lara anaukokera kumpanda. Kutatsala pang'ono Ian Healy anagwetsa mpira umene ukanamutulutsa. Ambrose anatuluka kutatsala 6. Analowa Courtney Walsh, amene aliyense ankadziwa kuti bati si mnzake. Walsh anatchinga mipira ija mmene anatchingiramo, ife manja ali kumutu. Kenako Lara anamenya Gillespie kudutsa pa cover, mpira uli chamtunda kumpanda. 153 osatuluka, kupambana ndi wiketi imodzi. Bambo wachimwenye uja anandigwira dzanja osalisiya, misozi ili m'maso. Ndinayenda wapansi usiku umenewo mpaka kunyumba chifukwa minibasi zinali zitatha, ndipo sindinamve kutalika.

400 mutha kuitenga, mupatse Mulder kaya ndani. 153 ija palibe angailande.

WakuMakokoba:
Madala, mwandiimitsa tsitsi. Ndaionapo pa YouTube koma mmene mwafotokozeramu ndi zina.

Jozi_Mlonda:
Pa 153 sinditsutsa, ndavula chipewa. Ndipo musandiyese mdani wake. Ndinalipo pa Wanderers mu December 2003 pamene anamenya Robin Peterson 28 mu over imodzi: 4, 6, 6, 4, 4, 4, dzuwa litapendeka. Bati ankaikweza m'mwamba mpaka kuloza kumitambo, thupi atalipinda, kenako imatsika ngati chikwapu. Amanzere ambiri ndawaona koma wotere ayi. Chimene ndikunena n'choti munthu yemweyo anali ndi mbali ziwiri.

Chitedze_04:
Nonsenu mukuiwala Sachin Tendulkar wa ku India. Ma Test 200, ma run 15,921, ma handiredi 51. Lara 131, ma run 11,953, ma handiredi 34. Masamu sanama.

Kafadala_LL:
Nkhani ino si ya Tendulkar aise. Tsegulani yanu.

Chitedze_04:
Ndi nkhani yomweyo. Mukuti chimphona, ine ndikuti chimphona chenicheni chinasewera zaka 24 osanyanyala ngakhale kamodzi.

Gogo_Bati:
Tendulkar ndi katswiri, palibe wokana. Koma taonani amene ankalowa naye: Dravid, Laxman, Ganguly, Sehwag. Akatuluka msanga panali ena ogwira denga. Lara anafika pamene nyumba inayamba kugwa. Richards, Greenidge ndi Marshall anachoka mu 1991, Haynes anatsatira. Timu imene sinagonje series ya Test kwa zaka 15 inagonja kwa Australia mu 1995, ndipo kuchokera pamenepo kunali kutsetsereka. Chitsanzo chimene chimandimvetsa chisoni ndi Sri Lanka mu 2001. Ma Test atatu, Muralitharan ali pachimake pakwawo, Lara anamenya ma run 688, kuphatikizapo 221 ndi 130 mu Test imodzi ku Colombo. Pa ma run onse a timu, oposa 40 pa 100 alionse anali ake. West Indies inagonjabe 3-0. Mutu umodzi susenza denga. Chanderpaul yekha ndiye ankamuthandizako zaka zambiri.

Chitedze_04:
Ndamva agogo. Koma ndikanafunsidwa womenyera moyo wanga, ndikanatenga Sachin.

NyakwawaYaLimbe:
Ine ndikanakhala ndi ndalama ya tikiti imodzi yokha, ndikanakaonera Lara.

MaiAwiri_Brum:
Poti mwatchula za kuonera, ine ndimakhala kufupi ndi Edgbaston kuno ku Birmingham, basi yanga yopita kuntchito imadutsa pabwalo pomwepo. Ndinkasamalira agogo ena achizungu amene anali membala wa Warwickshire moyo wawo wonse. Zambiri anali ataiwala, ngakhale maina a zidzukulu, koma ukangoti "Lara" nkhope imawala, n'kuyamba kufotokoza za 6 June 1994 ngati dzulo. Ndi tsiku limene anafika 501 osatuluka akusewerera Warwickshire pomenya Durham (sinali Test, anali masewero a matimu a mu England), patangopita milungu isanu ndi iwiri chimenyereni 375. Ali pa 12 mpira unagunda wiketi koma inali no-ball, mpira woponyedwa molakwika, ndiye sanatuluke. Ali pa 18 wicketkeeper Chris Scott anagwetsa mpira wosavuta. Tsiku lomaliza lokhalo anamenya 390. Anaposa 499 ya Hanif Mohammad ya mu 1959, ndipo anafika 501 ndi four mu over yomaliza, mnzake Keith Piper atamunong'oneza kuti nthawi yatha. Agogowo ankati m'mawa bwalo linali lopanda anthu, koma mbiri itamveka m'tauni anthu anathawa m'maofesi kudzadzaza. Ine kiriketi ndinaikondera pa mpando wa agogo amenewo. N'chifukwa chake mwina ndikufuna manambala a Lara akhale osakhudzidwa. Ndikuvomera kuti ndi mtima ukuyankhula.

Namadzi_Girl:
Koma chimodzi chikundizunguza. Masiku asanu athunthu anthu akusewera, mapeto ake palibe wopambana? Ndiye phindu lake n'chiyani?

Kafadala_LL:
Chemwali, kuti upambane Test uyenera kutulutsa timu inayo kawiri, wiketi 20. Ma run okha sakwanira. Nthawi ikatha usanawamalize ndiye mwalepherana. N'chifukwa chake kaputeni amatseka inning dala, kuti oponya ake apeze nthawi. Mkangano wonse uno wagona pamenepo.

Mphonda_Zomba:
Ana a masiku ano sangapirire zimenezo. Onse akufuna T20, maola atatu zatha. Ngakhale timu yathu ya Malawi imasewera ya ma over 20 yomweyo. Kwathu kuno mwana adzaphunzira kuti kumenya tsiku lonse?

Chitedze_04:
Adzaphunzira pa bwalo liti? Mabwalo enieni a kiriketi tingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Bati yabwino mtengo wake ndi malipiro a mwezi. Kusukulu kwathu tinkasema thabwa, mpira wa tenisi kuukulunga tepi.

Namadzi_Girl:
Wanga akusewera ndi wa tepi womwewo, ndipo mawindo awiri apita kale. Koma sindimuletsa.

Gogo_Bati:
Musamuletse. Ku Caribbean ana ambiri anayambira pa bati yosema ku mtengo wa kokonati, mumsewu ndi m'mbali mwa nyanja.

Jozi_Mlonda:
Tibwerere kwa Lara, chifukwa mbali yachiwiri ija sindinaimalize. Mu 1995 anachoka pa timu kwa masiku angapo ali pa ulendo wa ku England, ndipo kumapeto kwa chaka anakana kupita ku Australia. Mu 1998, ulendo woyamba wa Test wa West Indies kuno ku South Africa, osewera anakhala pa hotela ku Heathrow kukanganirana malipiro ndi bodi. Lara anachotsedwa ukaputeni n'kubwezeretsedwa m'masiku ochepa, mpaka Ali Bacher, mkulu wa kiriketi kuno, anauluka ndi kalata ya Mandela kukawapempha kuti abwere. Anthu akuda kuno anali atadikira timu imeneyi zaka zonse za tsankho, ankaiona ngati yawo. Inabwera yogawanika n'kugonja 5-0. Achikulire ena kuno mpaka lero sanamukhululukire. Ukaputeni anaupatsidwa katatu, ndipo sunamuyanje.

NyakwawaYaLimbe:
Za malipirozo musamusenzetse yekha, osewera onse anali pamodzi ndipo bodi nayo inali ndi zake. Komanso Champions Trophy ya 2004 pa The Oval anainyamula ndani? Kaputeni anali iyeyo, pamene Browne ndi Bradshaw anamaliza masewero kuli mdima.

Jozi_Mlonda:
Chikho chimodzi madala.

NyakwawaYaLimbe:
Chimodzi, ndi timu imene ija. Mnyamata wa zaka 25 atamenya 375 ndi 501 m'miyezi iwiri, dziko lonse likumuthamangira, boma la kwawo kumupatsa malo omangapo nyumba, bambo ake palibe woti amukhazike pansi. Ndani wa ife akanayenda mowongoka? Chimene ndimaona ine n'choti nthawi zonse akamunena kuti watha, ndi pamene ankabwera ndi inning yoopsa. 1999 anatero, 2004 anatero. Mu 2005 ku Adelaide anamenya 226 n'kudutsa Allan Border kukhala wa ma run ochuluka pa onse mu Test nthawi imeneyo, ali ndi zaka 36.

MaiAwiri_Brum:
Ndipo handiredi yake yoyamba mu Test inali 277 ku Sydney mu January 1993, anachita kutuluka ndi run out. Mwana wake wamkazi anamutcha Sydney chifukwa cha inning imeneyo.

Mphonda_Zomba:
Mapeto ake ndi amene anandiwawa. World Cup ya 2007, kwawo, pa Kensington Oval pomwe paja, masewero omaliza ndi England. Ali pa 18 Marlon Samuels anamuitana kuti athamange kenako n'kubwerera, Lara kutsala pakati. Anatuluka chomwecho. Pamapeto anafunsa chikhamu ngati anawasangalatsa, bwalo lonse linayankha ndi mkokomo.

Kafadala_LL:
Tsono pa funso la a WakuMakokoba. Mulder mwini wake anaulula patapita masiku kuti anayankhula ndi Lara, ndipo Lara anamuuza kuti akanapitiriza, ndi kuti akadzapezanso mwayi wotere asadzausiye. Mwini rekodi akutero. Mayi a ku Birmingham, mukutinso chiyani?

MaiAwiri_Brum:
Ndikuti Lara anayankha monga munthu wamkulu amayankhira. Akanati chiyani, zikomo pondisiyira? Maganizo anga sanasinthe. Mulder anasankha yekha, ndipo 367 yake yaposa kale 311 ya Hashim Amla, ndiye rekodi ya South Africa ndi yake. Sanachoke chimanjamanja.

Kafadala_LL:
Adzafika zaka 50 akuziganizirabe 34 zimenezo.

WakuMakokoba:
Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti ikula chonchi. Ndiulule chifukwa chake zinandikhudza. Mu November 2003, Hayden atangomulanda rekodi, Lara anabwera kuno ku Bulawayo n'kumenya 191 pa Queens pomwepa. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ananditenga ndili ndi zaka 11. Sankadziwa malamulo bwinobwino, ankangofuna ndione munthu wakuda amene azungu ankamuimirira. Tinakhala pa udzu pansi pa mitengo ija, atanyamula botolo la maheu ndi mabanzi m'pepala. Heath Streak akuthamanga kudzaponya, Lara bati ili m'mwamba, bambo ankandigwira phewa n'kumati "taona, taona". Anamwalira mu 2016. Tsiku la Mulder ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, tinakhala mbali yomweyo, ndipo ndinali nditamuuza kale kuti lero uona chinthu chimene udzauze ana ako. Atatseka inning anandifunsa kuti adadi, ndiye chatha? Ndinasowa chomuyankha.

Gogo_Bati:
Muonetseni 153 ija madzulo ano. Muyambire pamene Ambrose akulowa.

WakuMakokoba:
Nditero agogo, magetsi akangobwera. A NyakwawaYaLimbe, ndimuwerengeranso zimene mwalemba zija asanaonere.